Funsani Malume: chimbale chomwe agogo anasiya mu radiogram

Malume, ine ndine mdzukulu wanu wa ku Mufakose, ndinabadwira konkuno ku Harare olo kwathu kwenikweni amati ndi ku Ntcheu, sindinapondeko. Agogo anga aamuna anagwira ukhukhi kwa azungu ena ku Highlands zaka zambirimbiri, nde mabwanawo pochoka anawasiyira radiogram ndi katoni ya zimbale. Agogo anatisiya, ndipo tikukonza kuchipinda kwawo ndinapeza chimbale china cholembedwa Decca, Dvořák, From the New World, Vienna Philharmonic, Kertész. Amayi akuti chimenechi ndi chomwe ankakonda Lamulungu madzulo akabwera ku CCAP, koma eti singano ankaika pakati osati koyambirira, ndipo zoonadi ndikachiyang'ana padzuwa pakatipo mizere inachita kutuwa. Ndayesa kumvera pa foni koma Malume sindikumvapo kanthu, palibe woimba mawu, pena ziii pena chiphokoso, ndimangokhalira kukweza ndi kutsitsa voliyumu. Komanso pachimbale palembedwa No. 5 pomwe pa YouTube akuti No. 9, kodi ndi nyimbo imodzi? Msuweni wanga akuti tikagulitse ku Avondale, mwina ndi chandalama. Ndithandizeni.
Mdzukulu, Mufakose

Mdzukulu wanga, msuweni wakoyo umuuze adikire kaye, za ndalamazo tikamba kumapeto. Agogo ako anali ndi khutu, chimbale wapezacho ndi chimodzi mwa zomwe anthu okonda nyimbo zimenezi amalimbirana mpaka lero, ndipo pomwe patuwapo ndikupadziwa osaona n'komwe, ndi gawo lachiwiri lomwe amati Largo.

Tiyambe ndi manambala poti ndi chophweka. Ndi nyimbo imodzi yomweyo. Antonín Dvořák anapeka masimfoni 9, nyimbo zazitali za okestra zokhala ndi magawo angapo (iyi ili ndi anayi), koma ali moyo anasindikizidwa asanu okha, anayi a paunyamata wake anangokhala m'madilowa, woyamba weniweniwo mpaka unasowa n'kudzapezeka 1923 mwini wake atamwalira kalekale mu 1904. Nde kwa zaka zambiri simfoni yomalizayi inkatchedwa No. 5, kenako akatswiri atawerenganso bwino inakhala No. 9. Zimbale zakale zambiri zili ndi nambala yakaleyo, usadabwe. Chomwe sichisintha ndi kiyi yake, E minor, ndi nambala yake pa mndandanda wa nyimbo zake, Op. 95.

Munthuyu anali Mcheki, anabadwa 1841 m'mudzi wa Nelahozeves kufupi ndi Prague, bambo ake anali ndi butchala ndi kanyumba ka alendo, si wa kubanja la mabwana ayi. Mu 1891 mayi wina wolemera wa ku America, Jeannette Thurber, anamuitana kuti akhale mkulu wa sukulu yake ya nyimbo ku New York, National Conservatory of Music, malipiro madola 15,000 pachaka, ndalama yoti ku Prague sakanailota. Ananyamuka mu 1892 ndi mkazi wake ndi ana awiri, ana ena anayi anatsala kumudzi n'kudzawatsatira chaka chotsatira. Kaya izi zikukukumbutsa ndani. Ndipo ngati kuti sizikukwanira, mu 1893 chuma cha America chinagwedezeka, banja la mayi Thurber linakhudzidwa, malipiro aja anayamba kuchedwa. Simfoniyi anailemba ali m'nyumba ya lendi ku East 17th Street kuyambira Januwale mpaka Meyi 1893, ndipo inaimbidwa koyamba pa 16 Disembala 1893 mu Carnegie Hall, New York Philharmonic ikutsogoleredwa ndi Anton Seidl. Anthu anaomba m'manja pakutha pa gawo lililonse mpaka iye kumaimirira kuwerama. Koma sanakhalitse, 1895 anabwerera kwawo, sanakhale mtchona.

Sindikufuna kukunamiza kuti agogo ako ankadziwa mbiri yonseyi. Mwina ankangomva chimbalecho chikulira pabalaza iwo ali kukhitchini akusenda mbatata, chaka ndi chaka, mpaka chuni chija chinawalowa. Zimenezo n'zokwanira, palibe amafunika satifiketi kuti amve nyimbo.

Tsopano vuto lako la voliyumu, pamenepa ndi pomwe pagona nkhani. Nyimbo zomwe timamva m'makombi ndi pa wailesi amazikonza mu situdiyo kuti zizimveka mofanana kuyambira poyamba mpaka pomaliza, kuti zipose phokoso la injini. Okestra si choncho, ndi anthu ngati 80 kapena kuposa, ndipo wopekayo amalemba dala kuti apa aimbe anthu ochepa monong'ona, apa onse agwe pamodzi. Ukamakweza pomwe pali ziii n'kutsitsa pomwe pali phokoso ndiye kuti ukufufuta zomwe munthu anakhalira miyezi isanu akulemba. Chita chonchi: pita ku gawo lachinayi, pomwe malipenga akulowa mwamphamvu, ika voliyumu pomwe makutu ako akupirira ndipo aneba sakugogoda, kenako bwerera koyambirira ndipo dzanja ulichotsepo mpaka nyimbo ithe. Ndi mphindi ngati 40 basi. Usamvere pa sipika ya foni, mabesi onse amafera momwemo, peza mahedifoni olo otchipa. Nthawi yabwino ndi usiku ana atagona, kapena magetsi akazima firiji ndi TV zili chete, bola foni uchajiretu.

Gawo loyamba limayamba pansipansi, ma cello ndi ma viola, akuluakulu ake a vayolini, ngati munthu amene akudzuka asakufuna, kenako zitoliro zimayankha, ndipo ukangoti basi nyimbo yake ndi yogonetsa, ng'oma zija amati timpani zimaphulika. Apa ndi pomwe chimbale cha Kertész, wotsogolera okestrayo, chinatchukira. Anachijambula mu 1961 ku Vienna mu holo ya Sofiensaal, yomwe poyamba inali malo osambira ndi ovinira, pansi pake pa matabwa, ndipo a Decca ankaikonda chifukwa cha momwe mawu ankamvekera mmenemo. Anali ndi kaikidwe kawo ka mamaikolofoni atatu pamwamba pa wotsogolera, imodzi kumanzere, ina kumanja, ina patsogolo pakati, nde ukamvera pa mahedifoni umachita kuloza kuti mavayolini ali uku, mabesi ali uko, timpani ili kumbuyo. Pa zimbale zina ng'omayo imangoti gudugudu chapatali, apa umamva ndodo ikumenya chikopa. István Kertész nthawi imeneyo anali ndi zaka 31 zokha, mnyamata wa ku Budapest amene anathawa kwawo zitavuta mu 1956, akutsogolera madoda a Vienna Philharmonic oti ena anali oyenera kukhala bambo ake, ndipo zikumveka kuti ankafuna kuonetsa kuti si wamasewera. Anamwalira msanga, anamira akusambira m'nyanja ku Israel mu 1973 ali ndi zaka 43.

Ng'oma zikadutsa, malipenga opindika aja amati ma horn amaimba kachuni kokwera kenako n'kutsika. Kameneka ukagwire, kasunge m'mutu, chifukwa kabweranso m'magawo onse atatu otsalawo. Iwe wakulira pa sungura, ukudziwa momwe khutu limasiyira woimba n'kutsatira besi gitala yokha mpaka kumapeto, nde chitanso chimodzimodzi apa, sankha chida chimodzi kapena chuni chimodzi uzichilondola, ulendo wina usankhe china. Chakumapeto kwa chigawo choyambachi kuli chitoliro chimodzi chomwe chimaimba motsika kachuni kokoma, anthu ambiri amati kamafanana ndi nyimbo zauzimu za akapolo a ku America, ndipo sakunama.

Tifike pomwe agogo ankaika singano. Largo imayamba ndi malipenga akuimba pansi, mawu aatali otsatizana pang'onopang'ono, alipo 7, ntchito yake ndi kukuchotsa mu kiyi ya gawo loyamba kukufikitsa ku D flat major komwe ndi kutali. Mavayolini amayala mphasa, atavala tizipangizo tochepetsa mawu, kenako chimalowa chida chimodzi chokha, cor anglais. Ndi chitoliro chamtengo chachitali, mkulu wake wa oboe, kumapeto kwake kuli ngati kababu, mawu ake ndi a m'mphuno pang'ono, osalira osaseka. Chuni chake n'chosavuta, mwana atha kuchiimba atangomva kawiri, chimayenda pa manotsi asanu aja omwe umawapeza mu nyimbo zambiri za makolo kuyambira kwathu kuno mpaka ku Scotland ndi ku China, mwina n'chifukwa chake aliyense akachimva amati ndi cha kwawo. Woimba wa ku Vienna pa chimbale chakochi sachita kulira nacho mokokomeza, amangochinena, ndipo Kertész salola kuti liwiro ligwe mpaka nyimbo kuima, zomwe otsogolera ena amachita pofuna kutiliza misozi mokakamiza. Ine zimenezo zimandinyansa, ukaikoka kwambiri Largo imasanduka phala.

Anthu ambiri amamvera mphindi zitatu zoyambazo n'kusiya, koma zokoma zili kutsogolo. Pakati nyimbo imasintha, chitoliro ndi oboe zimayamba kudandaula mofulumirako, kenako ma clarinet amaimba ngati anthu oyenda pamaliro pomwe mabesi akuluakulu aja oimika pansi akudodola zingwe ndi zala, du, du, du, ngati mapazi. Mwadzidzidzi oboe imayamba kusewera ngati mbalame m'mawa, zida zina n'kumalowa chimodzichimodzi, ndipo posakhalitsa malipenga amphamvu, ma trombone, amabwera ndi kachuni ka ma horn kaja ndakuuza kuti usunge. Apa ndi pomwe ndimasiyana pang'ono ndi agogo ako, ulemu wonse kwa iwo: ukayambira pakati, ma trombone amenewa amangokhala phokoso, koma ukayambira koyambirira umazindikira kuti ndi mlendo amene unakumana naye kale. Zikatero cor anglais imabwerera, kenako oimba zingwe amachepa, amachepa, chuni chimaduka pakati, ziii, chimayambanso, chimadukanso, mpaka kutsala vayolini imodzi ndi cello imodzi. Usaganize kuti chimbale chalumpha kapena netiweki yathawa, analemba choncho. Gawoli limathera pa mabesi okhaokha, chinthu chomwe opeka nyimbo sachitachita, ndipo ngati ukumvera pa sipika ya foni sumva chilichonse, ungoona nthawi ikuyenda.

Gawo lachitatu ndi gule, lothamanga, muli kachitsulo ka makona atatu kolira ngelengele ndi timpani yodumphadumpha, ndipo pakati pake pali kavinidwe koti ukamva umadziwiratu kuti munthuyu thupi linali ku New York koma miyendo inali kumudzi ku Bohemia. Lachinayi limayamba ndi manotsi awiri obwerezabwereza akuthamangirathamangira, ena amati ndi sitima ikunyamuka poti Dvořák ankakonda masitima moti ankapita kukangowaonerera, kenako malipenga aja unaikira voliyumu. Tchera khutu phokoso loyambalo likamatsika, kusanalowe clarinet: pali mbale zachitsulo zomwe zimalira kamodzi kokha, motsitsa, ndipo mu simfoni yonse ndi pomwepo basi, munthu amavala suti kudikira theka la ola chifukwa cha kamodziko. Wa tuba, chilipenga chachikulu cha besi, nayenso ali ndi manotsi 14 okha, onse mu Largo. Kumapeto machuni onse a m'magawo am'mbuyo amakumana, ndipo mawu omaliza sathera pa chiphokoso monga umayembekezera, oimba zingwe amasiya, zitoliro ndi malipenga n'kugwira mawuwo mpaka kuzilala.

Za ndalama tsopano. Yang'ana nambala pachikuto ndi palebulo. Cha stereo choyambirira chosindikizidwa ku England ndi SXL 2289, chimenecho osonkhanitsa zimbale amachifunadi ndipo chikakhala chosakalika amalipira bwino. Zomwe nambala yake imayamba ndi LXT ndi za mono, ndipo chinatulukanso kambirimbiri pa malebulo otchipa m'zaka zotsatira, zimenezo mtengo wake ndi wochepa. Koma olo chitakhala SXL, wanena wekha kuti Largo inatuwa, kutanthauza kuti singano yolemera ya radiogram inadya mizere, ndipo wogula akangoona zimenezo akupatsa ya kombi yobwerera ku Mufakose basi. Ine ndikanasunga. Uchiimike chilili osati chogoneka pansi pa katundu, kutali ndi windo ndi malata chifukwa kutentha kwa Okutobala kumachipinda, pukuta ndi kansalu kofewa konyowa pang'ono ndi madzi oyera motsatira mizere, osati sipiriti kapena sopo wochapira. Radiogram ija usaiyatse ndi singano yakaleyo, ipitiriza kudya. Kumvera kwa tsiku ndi tsiku lemba Kertész Vienna 1961 pa foni, ndi kujambula komweko.

*

Malume, pamaliro a mnzathu wa kwaya ku Highfield gulu lina linaimba nyimbo yachingerezi yonena zopita kwathu, wina n'kundiuza kuti chuni chake mzungu wina anaba kwa akapolo akuda n'kuika mu okestra. Ndi zoona?
Mayi wa Chigwirizano, Highfield

Amayi, nkhaniyo anakuuzani chododometsa, inayenda chobwerera. Chuni chimenecho ndi Largo yomwe ndafotokoza pamwambapa ndipo anapeka ndi Dvořák mwini mu 1893. Mawu anadzaikidwa mu 1922 ndi William Arms Fisher, yemwe anali wophunzira wake ku New York, n'kuitcha Goin' Home, ndipo inafala m'matchalitchi ndi pamaliro mpaka anthu kuyamba kuyesa kuti ndi nyimbo yakale ya akapolo.

Koma amene anakuuzaniyo sanaphonye kwenikweni. Sukulu ya mayi Thurber inkalandira ophunzira akuda ndi akazi, zomwe nthawi imeneyo zinali zosowa, ndipo mmodzi mwa iwo anali Harry T. Burleigh, mnyamata wa mawu a baritone amene anaphunzira nyimbo zauzimu kwa agogo ake omwe anakhalapo kapolo. Burleigh ankamuimbira Dvořák nyimbo zimenezi kunyumba kwake, mobwerezabwereza, ndipo Dvořák anazikonda mpaka anauza nyuzi ya New York Herald mu Meyi 1893 kuti tsogolo la nyimbo za America liyenera kumangidwa pa nyimbo za anthu akuda. Taganizani kunena zimenezo poyera zaka zosakwana 30 ukapolo utathetsedwa, azungu ambiri a nyimbo sanakondwe nazo. Iye ankanena kuti sanatenge chuni cha munthu, analemba zake mu mzimu wa nyimbo zomwe anamva. Nde kuba ayi, koma kuphunzira kwa anthu akuda eya, ndipo sanabise. Burleigh naye anadzakhala katswiri, ndi amene anakonza nyimbo zauzimu zambiri kuti ziziimbidwa m'makonsati. Kwaya yanu iziimba mosaopa, langizo langa ndi loti musaikoke kwambiri, opuma mpweya pakati pa mzere amachuluka.

*

Malume ndalemba New World Symphony pa YouTube zatuluka zambirimbiri, data yanga ndi yowerengeka, nditsitse iti? Komanso zakale za 1960 sizikhala ndi phokoso? Bwanji osangotenga yatsopano ya HD?
Mnyamata wa ku Dzivarasekwa

Aphwanga, HD ndi ya maso, makutu alibe nayo ntchito, ndipo ukatsitsa mawu okha opanda vidiyo data yake ndi yochepa kwambiri. Zojambula za kumapeto kwa ma 1950 ndi ma 1960 zinali kale za stereo, pa tepi, ndipo zomwe zili pa intaneti zambiri anazitenga ku matepiwo osati ku chimbale chokalika, chomwe ungamve ndi kamphepo pang'ono chapansipansi komwe khutu limaiwala mphindi imodzi isanathe. Zatsopano n'zoyera, zoona, koma zambiri zimamveka mofanana, maokestra a masiku ano anayamba kufanana mawu pomwe kale ukangomva oboe umadziwa kuti awa ndi a ku Vienna, awa a ku Prague.

Ngati ndi imodzi yokha, Kertész ndi Vienna Philharmonic 1961. Samala poti Kertész anaijambulanso mu 1966 ndi London Symphony Orchestra pomwe ankajambula masimfoni onse 9 a Dvořák, imeneyonso ndi yabwino, yodekha, ena amaikonda kuposa, koma moto uli mu yoyambayo. Data ikapezeka ina tenga Karel Ančerl ndi Czech Philharmonic, nayonso ya 1961, pa lebulo ya Supraphon. Amenewa ndi eni nyimbo, zitoliro zawo zili ndi kamvekedwe kakumudzi kowawasa pang'ono, ndipo Ančerl sanyengerera, amayenda. Bamboyu anapulumuka ku Auschwitz komwe mkazi wake ndi mwana wake anaphedwa, ndipo Largo yake ilibe kudzimvera chisoni ngakhale pang'ono, ine ndi imene ndimabwererako kawirikawiri. Fritz Reiner ndi Chicago Symphony ya 1957 ndi ya okonda malipenga akuthwa ndi dongosolo la usilikali. Rafael Kubelík ndi Berlin Philharmonic ya kumayambiriro kwa ma 1970 ndi yotentha mtima, iyenso Mcheki amene anachoka kwawo 1948 n'kudzabwerera 1990.

Usatsitse tizidutswa tolembedwa relaxing kapena sleep music, amadula Largo yokha n'kuikamo phokoso la mvula. Yang'ana yoti nthawi yake ili pakati pa mphindi 38 ndi 46 ndipo dzina la wotsogolera ndi la okestra zalembedwa, ikakhala yopanda mayina isiye. Vidiyo imodzi yokha ndingakulole, ya konsati iliyonse, tsiku lomwe wapeza Wi-Fi yaulere, kuti uone ndi maso kuti cor anglais ndi chiti, horn ndi chiti, timpani amamenya bwanji, ukatero zakalezo uzimva bwino kuposa kale.